Nkhope ya Khanda Sidikira

Kodi munthu wosaona, amene maso ake ndi nsonga za zala, nsongazo zikadwala n'kuleka kumva, nkhope ya mwana wake angaione ndi chiyani? Taganizirani kaye, inu amene mukuwerenga ndi maso, pamene ine ndikukufotokozerani za bambo wina amene anzake a kuntchito ankamutcha a Madontho.

Dzinali silinangobwera. Bamboyu anasiya kuona ali wamng'ono, ndipo anakula akuwerenga zilembo za anthu osaona, zija za timadontho totukuka papepala lokhuthala. Ntchito anaipeza pamalo osindikizira mabuku a ana asukulu osaona. Makina akadinda tsamba, tsambalo linkafika patebulo pa a Madontho. Iwo ankayendetsa zala pamzere uliwonse n'kumawerenga mokweza, pamene mnzawo wopenya, amene aliyense ankamuitana kuti Wamaso, ankatsatira mawu omwewo m'buku la inki. Kadontho kamodzi kakasowa, chilembo chimasanduka china, ndipo mwana wina kutali amaloweza bodza.

"Apa makina adya kadontho," ankatero a Madontho, chala chitaima.

"Mwatsimikiza, achimwene?"

"Iwe uli ndi maso awiri, ine ndili nawo khumi. Ukufuna tikangane?"

Wamaso sankakangana nawo, chifukwa nthawi zonse akayesa ankagonja.

Zala zomwezo ndizo zinkawadziwitsa zinthu zonse zapamtima. Nkhope ya mkazi wawo ankaidziwa kuposa mmene mwini wake ankaidziwira pagalasi: nsidze zotalikirana, mphuno yaifupi, ndi kachipsera kuseri kwa khutu kamene mkaziyo anali atakaiwala kalekale. Mkaziyo atatenga pakati, a Madontho ankaika dzanja pamimba pake n'kumamva kachidendene kakudutsa.

"Uyu ndi wampira," ankatero.

"Mpira wake ndi nthiti zanga? Muuzeni akasewere kwa abale anu."

Vuto linayamba ngati chinthu chosayenera n'kuchitchula komwe. Chala cholozera cha dzanja lamanja chinayamba kuyabwa m'mbali mwa chikhadabo, kenako kuwotcha ngati chakhudza tsabola. Iwo anangoti pepala lawacheka. Tsiku lina masana, ali mkati mowerenga buku la masamu, Wamaso anasiya kutsatira.

"Achimwene, imani kaye."

"Ndalakwitsa?"

"Ayi. Tsambali lathimbirira. Paliponse pamene chala chanu chadutsa pali kamzere kachikasu."

Kuchipatala chaching'ono chapafupi anati chalacho chalowa tizilombo, ndipo anawapatsa mapilitsi. Anamwa onse, koma sizinathandize. Timatuza ta mafinya tinkatuluka pansonga, n'kuphulika, n'kuuma, n'kusiya khungu lofiira lonyeka, kenako tina n'kutulukanso pomwepo. Chikhadabo chinatukuka, ndipo m'mawa wina chinagwera chokha m'beseni. Iwo anayamba kuwerenga ndi chala chapakati, nachonso chinayamba. Anasamukira kudzanja lamanzere. Nthendayo inawalondola komweko, ngati galu amene wadziwa fungo la munthu.

Mwana anabadwa zala za bambo ake zili m'mabandeji. Anali wamkazi, ndipo anabadwa kudzera pa opaleshoni. A Madontho atalowa m'chipinda cha amayi oyembekezera ndi obereka, namwino anabwera ndi kamtolo ka bulangete.

"Bambo, landirani mlendo wanu."

Iwo anatambasula manja. Namwino anaima pang'ono ataona mabandejiwo, kenako anamugoneka mwanayo pamikono yawo, pakati pa zigongono ndi manja. Anamva kulemera kwake, kochepa koti mphepo ikhoza kumutenga. Anamva fungo la pamutu pake ndi kampweya kake kothamanga. Koma manja awo anangoti tambalala kutsogolo ngati a munthu wopemphetsa, ndipo nkhope ya mwanayo, imene inali pafupi kwambiri, inali kutali ngati mwezi.

Apongozi awo, mayi a mkaziyo, anabwera kudzathandiza, chifukwa bala la opaleshoni silinkalola mwana wawo kunyamula ngakhale ndowa ya madzi. Anali mayi achangu, olankhula mosabisa, a mtundu uja woti akalowa m'nyumba mipando imasintha malo. Kwa munthu wosaona limenelo ndi tsoka, ndipo tsiku loyamba lomwe a Madontho anagunditsa bondo patebulo limene chikhalire linkakhala kukhoma. Koma zimenezo zinali zazing'ono. Atamasula mabandeji kuti asambe m'manja, anamva apongozi akukoka mpweya m'mano.

Kutacha anapeza beseni lawolawo, sopo wawowawo ndi thaulo lawolawo, zonse zitaikidwa pakhonde.

"Sindikukunyozani, bambo," anatero apongozi. "Koma khungu la khanda lili ngati kaja kamakhala pamwamba pa mkaka wowiritsa. Kungolikhudza, labooka. Muzimunyamula ali m'bulangete, manjawo akhale kunja."

"Ndamva, amayi."

Anthu anayamba kubwera kudzaona mwana: aneba, azilamu, anzake a mkaziyo. A Madontho ankakhala pampando wawo pafupi ndi zenera, manja ali pamaondo, n'kumamvetsera.

"Ee, koma awa ndi bambo ake enieni!"

"Bodza, chipumichi n'cha agogo ake."

"Nanga milomoyo? Taonani akamayasamula!"

Aliyense ankabenthula kachidutswa ka nkhope ya mwanayo n'kupita nako kwawo, ndipo mwini mwana ankatsala chimanjamanja.

Masana ena, apongozi akuchapa matewera kuseri, a Madontho anakakhala m'mphepete mwa bedi pamene mkazi wawo ankayamwitsa.

"Tandiuzeni bwinobwino, mayi ake. Musathamange. Yambirani pamwamba."

"Chipumi chake n'chachikulu."

"Chachikulu bwanji? Chotukuka kapena chathyathyathya?"

"Chachikulu basi, ngati cha khanda."

"Chabwino. Mphuno?"

"Mphuno ndi yanu."

"Yanga ili ndi fupa lopindika limene ndinathyola pachitseko cha kusukulu. Iyeyu wabadwa nalo lothyokathyoka?"

Mkaziyo anaseka mpaka kugwira pabala. "Musandiseketse, inu, ulusi uduka."

Nawonso anaseka, koma kusekako sikunafike patali. Anthu openya amaona nkhope yonse kamodzi, ngati munthu womeza pilitsi, ndipo ukawafunsa kuti linali lotani sadziwa. A Madontho sankafuna kuuzidwa. Ankafuna kuyamba pamene tsitsi lathera, kutsika pang'onopang'ono, kupeza okha pamene fupa latukuka ndi pamene mnofu walowa. Kamunthu kameneka kanali kawo, kankalira m'nyumba mwawo, koma akanati kasinthanitsidwe ndi ka aneba, zala zawo sizikanatsutsa.

Tsiku lokaonana ndi dokotala wa khungu kuchipatala chachikulu litakwana, mkaziyo anachonderera mayi ake.

"Amayi, aperekezeni. Mukamve nokha, musamangomva kwa ine."

Anadikira nthawi yaitali pabenchi yozizira, m'kakhonde konunkha mankhwala okolopera. Dokotalayo anali mayi wa mawu ofatsa. Anamasula mabandeji, n'kutembenuza dzanja lililonse pansi pa nyale imene a Madontho ankamva kutentha kwake. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti zala zimene zinawagwira pamkono zinali zofunda, zopanda magolovesi.

"Pali nthenda ya khungu yotchedwa soriyasisi," anatero dokotalayo. "Anthu ambiri imawagwira m'maondo, m'zigongono ndi m'mutu, khungu n'kumachita mamba. Yanuyi ndi m'bale wake wosowa kwambiri, amene amasankha nsonga za zala. Simunaitenge kwa munthu, ndipo simungapatsire munthu. Ndi thupi lanu lomwe limene likudziputa lokha. Asilikali a m'thupi akumenya nkhondo pamalo pamene palibe mdani."

Apongozi anatsokomola. "Pepani adokotala, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma awa si mafinya?"

"Ndi mafinya, mayi, koma mulibe tizilombo."

"Mafinya opanda tizilombo? Ndiye tinene kuti ndi uchi?"

Dokotala anaseka kuchokera pansi pa mtima. "Ayi, musapake pabuledi. Koma mdzukulu wanu sangadwale chifukwa bambo ake amukhudza."

A Madontho sanaseke nawo. Anali ndi funso limodzi lokha, ndipo anali atalinyamula kuchokera kunyumba.

"Zidzayambanso liti kumva?"

Dokotala anati, "Sindikunamizani, bambo. Nthenda imeneyi sitsanzika. Imagona, imadzuka. Mankhwala akagwira matuzawa asiya, koma zitenga miyezi, ndipo khungu limene lidzamere silidzafulumira kumva ngati lakale. Chimene chikuiputa kwambiri ndi kukhuza zala papepala. Timadontho tanu tija muyambe mwatisiya." Kenako anawaikira kabotolo m'thumba la malaya. "Mafuta awa ndi amphamvu. Mukadzola muzivala magolovesi a nsalu, ndipo mafutawa asafike pakhungu la mwana."

Atangotuluka pakhomo, apongozi anati, "Mwamva nokha. Asafike pakhungu la mwana."

Pa zonse zimene dokotala ananena, apongozi anatola chimenecho n'kuchimanga pansonga ya nsalu. Komabe beseni lija linabwerera m'bafa tsiku lomwelo.

Loweruka lina m'mawa apongozi anapita kumsika. Phokoso la masilipasi awo litangozimirira, mkaziyo ananong'oneza kuchokera kuchipinda.

"Apita. Bwerani msanga."

Anawavula magolovesi, n'kuwatsuka mafuta onse ndi madzi ofunda, chala chimodzichimodzi, n'kuwapukuta mosamala. Mwana anali m'tulo pakati pa bedi. Mkaziyo anasankha chala chimene chinkaoneka chabwinoko, chakaniso cha kumanzere, n'kuwagwira pamkono kuti awatsogolere. Mtima wa a Madontho unkagunda ngati tsiku limene mkazi yemweyu, akadali chibwenzi, anawauza kuti, "Chabwino, ndioneni."

Chala chinafika.

Chimene anamva chinali moto wa chala chawo chomwe. Kuseri kwa motowo kunali chinachake chofewa ndi chofunda, koma chopanda malire, chopanda poyambira kapena pothera. Zinali ngati munthu wofuna kudziwa kusalala kwa mchenga atavala jombo. Sanadziwe ngati ali patsaya kapena pachipumi. Anakanikiza pang'ono, pang'ono chabe, kufunafuna fupa loti liwauze pamene ali. Nkhanambo youma ya m'mbali mwa chalacho inakokera pakhungu, ndipo mwana anakuwa.

"Ndamukala?"

"Ayi, ayi. Ndi kamzere kofiira chabe, kazimiririka pompano."

"Patuluka magazi?"

"Ndikuti ayi, bambo ake. Tayesaninso akatonthola."

Koma iwo anali atabweza kale dzanja n'kulipanikiza pakati pa maondo. "Ndivekeni magolovesi aja," anatero.

Apongozi atabwera anakaona kamzereko asanatule n'komwe dengu. Mkaziyo anati mwana wadzikala yekha. Apongozi anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mkamwini wawo, kenako anatenga kalumo n'kuwenga tizikhadabo ta khanda.

Kuntchito sanawachotse. Anawapatsa tebulo lina pafupi ndi khomo, kuti aziyankha foni ndi kulondolera alendo. Kuseri kwa khoma makina ankagunda monga kale, ndipo fungo la pepala latsopano linkawapeza pomwepo. Pampando wawo wakale panakhala mayi wina wosaona amene anachita kubwerekedwa kusukulu, ndipo mawu ake akuwerenga ankadutsa m'khomamo. Nthawi zina a Madontho ankazindikira kuti zala zawo zikuyenda zokha m'magolovesi, pamwamba pa tebulo losalala lopanda kanthu.

Pa nthawi yopuma Wamaso ankawabweretsera tiyi, iwo n'kugwira kapu ndi zikhatho ziwiri ngati mwana.

"Kamtsikana kakukula?"

"Akuti kakukula."

"Amakula msangatu. Wanga woyamba uja, nditapita kumaphunziro n'kubwerako, ndinamupitirira ali kumsana kwa aneba osamudziwa. Makanda amasintha nkhope ngati mitambo. Lero ali chonchi, mawa..." Wamaso anaima. "Pepani, achimwene. Pakamwa pangapa palibe mabuleki."

"Wanena zoona. Nkhope ya khanda sidikira."

Iwo ankadziwa kale. Kulira kwa mwanayo kunali kutasintha, kutayamba kukhala ndi mawu a munthu amene akudziwa chimene akufuna. Pamikono pawo ankalemera mosiyana ndi tsiku lija kuchipatala. Timalaya toyamba tinali titapindidwa kale n'kuikidwa m'sutikesi. Nkhope imene anabadwa nayo inkachoka pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, ngati sopo m'bafa, ndipo aliyense anali ataionako kupatula iwo.

Kenako kunabwera foni yochokera kwawo kwa apongozi, tauni yakutali ya ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Amuna awo anali atadwala mwadzidzidzi, ndipo panalibe wowasamalira. Sabata yomweyo bala la mkazi wa a Madontho linatupa mbali imodzi, ndipo namwino analetseratu kuchapa ndi kuwerama. Nkhaniyo anaikamba atatuwo atakhala patebulo, chakudya chikuzizira.

"Ine ndiyenera kubwerera," anatero apongozi. "Koma uyu ndimusiya bwanji? Matewera achapa ndani? Mwana amusambitsa ndani? Inu, bambo, sopo sakukulolani."

"Tikhoza kupempha aneba," anatero mkaziyo ndi mawu otsika.

"Aneba ndi a tsiku limodzi, mwanawe. Lachiwiri mutu wawapweteka."

A Madontho ankamva kuti amayi awiriwo akuwayang'ana, ndipo ankadziwa kuti mawu amene atsala palibe angawanene koma iwo.

"Pitani nawo onse awiri, amayi."

"Mpaka liti?" anafunsa mkaziyo.

"Mpaka wina wa ife apole."

M'mawa wa tsiku la ulendo m'nyumba munali piringupiringu. Mkaziyo, ali mkati mopinda zovala, anaima n'kuwayang'ana. Ndevu zawo zinali zitakula kwambiri, chifukwa chiyambire kudwala lumo sankatha kuligwira.

"Musatiperekeze ndi tchire limeneli," anatero, akuyesa kuseka. "Anthu a kudepoti adzati ndikuthawa chilombo."

Iwo anatenga ndodo yawo yoyera, n'kuigwira ndi chikhatho, n'kupita kwa wometa wa kumapeto kwa msewu wawo, amene kanyumba kake kankadziwika ndi wailesi yosatopa.

"A Madontho! Ine ndimayesa mwalowa mpingo wosameta."

"Meta msanga, basi sitsanzika munthu."

Wometa anawakulunga nsalu m'khosi n'kuyamba ntchito, pakamwa pakeponso pakugwira yake. Anakamba za mpira, za magetsi, za mlamu wake amene anagula njinga yamoto asanaphunzire kuyendetsa. Atadutsa ndi makina anapaka thovu n'kumalizira ndi lumo. Mphepo ya fani itawafika pankhope, a Madontho anadzidzimuka ngati munthu wotuluka m'madzi.

"Iwe, wachotsa ndi ndevu zapamlomo zomwe? Zimenezija ndazisunga kuyambira ndili mnyamata!"

"Zinalukana ndi zam'munsi, bwana. Kuti ndizilekanitse panafunika khoti."

"Mkazi wanga sanandionepo chonchi."

"Ndiye mwachita mwayi. Akakukondaninso kachiwiri."

Kudepoti kunali fumbi, utsi wa dizilo ndi mawu a oitanira okwera. Apongozi ankatsogola atanyamula mwana m'manja. Mkaziyo ankayenda pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pamimba, lina litakolowekedwa pamkono wa mwamuna wake, moti sizinkadziwika kuti akutsogolera mnzake ndani. Atafika pambali pa basi, apongozi anaona wopakira katundu akuponya chikwama chawo pansi pa matumba a simenti.

"Iwe! M'chikwama chimenecho muli mabotolo a mwana! Iwe, ndikunena nawe!"

Wopakirayo ananamizira kusamva. Apongozi anayang'ana uku ndi uku. Mwana wawo sakanatha kuima nthawi yaitali atanyamula khanda. Anatembenukira kwa mkamwini wawo.

"Landirani, bambo. Manjawo kunja."

Anamugoneka mwanayo pamikono yawo n'kuthamangira kwa wopakira uja, mawu ali patsogolo. Mkaziyo anatsamira chitsulo cha pamalo odikirira n'kuwatengera ndodo. Ankawayang'ana, nkhope yawo yatsopanoyo ikumuchititsa chilendo, ngati waima ndi mchimwene wawo wamng'ono.

Basi ina pafupi inaliza hutala. Mwana anadzidzimuka, n'kutambasula timanja, ndipo bulangete linasendera kumuchoka kumutu. Anayamba kukonzekera kulira, kuja kumayamba ndi kupuma kwafupikufupi. A Madontho analibe dzanja lomusisitira. Anakweza mikono n'kuweramitsa mutu kuti mawu awo amufike pakati pa phokosolo.

"Shii, mayi. Shii. Ndine, bambo ako. Ndi basi chabe."

Anawerama kwambiri kuposa mmene ankaganizira. Mkaziyo anaona mwamuna wake atauma mwadzidzidzi, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa pakati pa msika. Mawu a shii anathera panjira. Kwa kanthawi sanasunthe n'komwe. Kenako mutu wawo unayamba kuyenda, pang'onopang'ono kwambiri, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Unabwerera, n'kutsika pang'ono, n'kuyambanso. Mwana sanalire. Anangotembenuza kamutu n'kutsegula kukamwa, kufunafuna bere pamene panalibe.

Apongozi anabwerako akupukuta manja, atapambana mlandu wawo. Anatambasula mikono kuti alandire mdzukulu, koma anaima. Pakamwa pawo panatseguka. Mkaziyo anagwira mayi ake pamkono. Apongozi anayang'ana magolovesi oyera aja, amene anali tambalala kutsogolo, kutali ndi khungu la mwana monga momwe iwo analamulira. Anatseka pakamwa, n'kutembenuka, n'kubwerera kukakalipira wopakira uja za chikwama chimene chinali chitaikidwa kale pabwino.

Anthu ankawadutsa ndi katundu, ena kuwagunda pamapewa, koma a Madontho sanadzuke mpaka atafika pachibwano. Atadzutsa mutu, masaya awo ometedwa kumene anali atanyowa.

"Mwandinamiza nonse," anatero.

"Pati?"

"Mphunoyi si yanga. Ndi yanu, yaifupi. Ndipo pamwamba pake pali tiziphuphu ting'onoting'ono ngati mchere wosalala. Nsidze alibe n'komwe, ndi timaubweya chabe. Chikope chakumanja chimanjenjemera. Pachibwano pali kadzenje. Bwanji palibe anandiuza za kadzenje?"

Mkaziyo anasendera pafupi n'kuyang'anitsitsa. Kanalipodi, kakang'ono kwambiri, kooneka pokhapokha dzuwa likamenya cham'mbali.

"Sindinakaone," anatero.

Kondakitala anamenya m'mbali mwa basi ndi chikhatho. "Okwera akwere! Operekeza aperekeze ndi maso!"

Apongozi anafika, ndipo ulendo uno sanathamange. Analowetsa manja pansi pa bulangete mofatsa.

"Basi, bambo. Mwamuona. Tipatseni, tingatsale."

Mikono ya a Madontho inapepuka. Mkazi wawo anawabwezera ndodo m'chikhatho, n'kuwauza kuti mafuta ali pazenera la kubafa, magolovesi ochapa ali m'kabati yam'munsi, asaiwale kudya, tebulo lija alibwezera kukhoma. Iwo ankangogwedeza mutu. Anamva mapazi ake akukwera masitepe mmodzimmodzi, anamva chitseko chikutsekeka, anamva injini ikukweza mawu. Wina anagogoda pagalasi la zenera pamwamba pawo, ndipo iwo anakweza golovesi kuloza kumene kunachokera kugogodako. Anaima pomwepo mpaka phokoso la basiyo litasakanikirana ndi la magalimoto ena onse, moti sakanathanso kulisiyanitsa.

Ankadziwa kuti akadzabwerako, tiziphuphu tija tidzakhala titatha, nsidze zitamera, masaya atadzaza, ndipo adzayenera kuyambiranso pamwamba. Koma ya lero anali nayo. Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda m'mphepete mwa msewu, ngati munthu wonyamula kapu yodzaza mpaka m'milomo. Wogulitsa nthochi anawapatsa moni, iwo anangogwedeza mutu. Wometa anawakuwira kuchokera m'kanyumba kake kuti, "Bwanji, akukondaninso?" Iwo anangokweza ndodo, osatsegula pakamwa, osapukuta kumaso.

Nkhope ya mwana wawo a Madontho anaiona ndi mlomo wawo wam'mwamba.